Mwana walemba kuti Napolo ndiye amagumula phiri: ndimuchonge kapena ndimuthethe?

Anaphiri (Phalombe): Odi pagulu pano, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi kankhani kandisowetsa tulo. Sabata yatha ndinapereka mayeso a jogalafe ku Fomu 2, ndipo funso lina linali lofotokoza chimene chimachititsa kuti dothi ndi miyala zigumuke m'phiri nthawi ya mvula. Mtsikana wina, wanzeru zake ndithu, analemba kuti ndi Napolo akamasamuka kuchoka kuphiri kupita kunyanja. Ndinathetha. Lachiwiri kunatulukira agogo ake, ndodo kumanja. Sanabwere kudzakalipa ayi. Anakhala pakhonde n'kundifunsa kuti mu 1991 ndinali kuti. Ndinati ndinali kumsana kwa mayi anga ku Kasungu. Iwo anati anali m'munsi mwa Michesi. Akuti mvula ili mkati, mtsinje wa pafupi ndi nyumba yawo unachepa madzi mwadzidzidzi, kenako kuphiri kunamveka ngati ng'oma zambirimbiri. Mayi awo anali atawauza kalekale kuti zikatero usatole kanthu, tenga ana uthawire chammbali, usatsate khwawa. Anatero, ndipo anapulumuka. Pa namondwe Freddy mu 2023 anachitanso chimodzimodzi ndi zidzukulu, mtsikana uja ali pomwepo. Pomaliza anangoti, "Ophunziranu munali kalikiliki kujambula madzi pa foni." Basi anatsanzika. Pepala lija ndili nalo pano, sindikudziwa chochita.

Angozo (Joni): Achemwali, musavutike mtima. Thethani basi. Mayeso a boma akadzabwera woyang'anira sadzafunsa za agogo. Ndi zomwezi tikutsalira nazo, dziko likuwotcha makala phiri lonse mbee, likagumuka tikuti njoka.

Mayi a Mvano: Angozo, mwayamba ndi liwiro. Agogowo anapulumutsa ana kawiri. Inu mwapulumutsa angati kkkk

Angozo (Joni): Mayi, ine sindikunyoza agogowo. Koma ku Chilobwe kunafa anthu angati? Njoka inagawa mapuloti pa phiri la Soche?

Achisale: Ndilowepo pang'ono, poti zanyengo ndi zomwe ndinaphunzira. Anaphiri, zimene agogowo anakuuzani ndi zizindikiro zenizeni, ndipo akatswiri a za miyala amaphunzitsa zomwezo. Madzi a mumtsinje akachepa mvula ikugwa, ndiye kuti kumtunda dothi lagumuka latseka njira, madzi akusonkhana kuseri ngati damu. Damu la matopelo likaphulika kumabwera phala la dothi, mitengo ndi miyala ina yaikulu ngati nyumba. Ng'oma zomwe anamvazo ndi miyala ikugundana. Nkuthawira chammbali ndi langizo loona, chifukwa phalalo limathamanga kuposa munthu ndipo limatsata khwawa. Mapiri athuwa, Mulanje, Michesi, Zomba, mkati mwake ndi thanthwe, dothi langokutira pamwamba ngati bulangete. Madzi akalowa n'kufika pathanthwe sapitirira, amayenda pansi pa dothilo, ndiye bulangete lonse limatsetsereka. Pa Freddy ku Nkhulambe kwanu komweko kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku 4 okha. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Ndiye kuti kamalo kochepa ngati mkeka kanalandira madzi olemera kuposa tani. Madera ambiri m'dziko muno mvula yotero ndi ya chaka chathunthu.

Angozo (Joni): Ndiye mwavomereza kuti si njoka.

Achisale: Si njoka, achimwene. Koma onani izi. Mu Disembala 1946 phiri la Zomba linagumuka, anthu anati Napolo. Mu Marichi 1991 Michesi, anthu mazanamazana anapita, anati Napolo. Pakati pa zaka ziwirizi padutsa zaka 45. Ndani angasunge chenjezo zaka 45 popanda kulilemba? Lipoti la boma limadyedwa ndi chiswe mu kabati. Nthano ya njoka yokhala ndi njira yake, imene ikadutsa imadzabwereranso momwemo, imafika kwa chidzukulu. Akuluakulu ankaloza kuti apa osamanga, ndi njira ya Napolo. Ife timajambula mapu a malo angozi, iwo ankaloza ndi chala. Madzi saiwala khwawa.

Alangizi (Dedza): Apa ndagwirizana nanu. Ndionjezere za mitengo, poti Angozo atchula makala. Mitengo imathandiza, mizu imagwira dothi, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho. Koma ku Mulanje malo ena amene anagumuka anali ndi mitengo ndithu. Mvula ikafika muyeso wa Freddy, phiri lotsetsereka limagumuka ngakhale lili ndi nkhalango. Chimene kudula mitengo kwachita n'chakuti mvula yochepa tsopano ikuwononga ngati yambiri, komanso anthu alima ndi kumanga mpaka kumene makolo sankafikako.

Wa ku Chigwa: Anthu a kumtunda mwayamba kukamba za mvula osatiitana ife a ku Nsanje? Mvula imagwa kwanu, madzi timalandira ndife. Kwathu tikhoza kukhala dzuwa lili phwee, usiku Ruo ndi Shire n'kutipeza m'nyumba. Za Napolo ife sitilimbana nazo kwenikweni, kwathu nkhani ndi Mbona ku Khulubvi. Ndikuuzeni chimene anthu akunja samvetsa. Amaganiza kuti ndi gulu la nkhalamba zothira nsembe kuti mitambo ibwere, basi. Pitani mukaone nkhalango ya Khulubvi. Kuzungulira konse mitengo inatha, koma pamenepo palibe amene amalowetsa nkhwangwa. Palibe mlonda wa mfuti, palibe waya. Ukafuna kufika pa kachisi umavula nsapato, umavala zakuda, sulowa mwachisawawa. Malowa anaikidwa mu 2011 pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Ndiye mundiuze, Angozo, pakati pa lamulo la nkhalango lolembedwa m'Chingerezi ndi mantha a Mbona, chasunga mitengo ndi chiti?

Angozo (Joni): Mitengo yasungika, ndavomera. Nanga mvula Mbona amabweretsa? Nsanje ndi Chikwawa si ndiye kumene chilala chimayambira chaka chilichonse?

Wa ku Chigwa: Kkkk funso limenelo mukafunse nokha ku kachisi, ine ndine wa Katolika. Koma agogo anga ankati Mbona sankangopempha mvula. Mzimu ukagwira munthu wolosera, ankadzudzula mafumu poyera, za kugawa minda mokondera, za chigololo, za kuwotcha tchire. Chilala chinkaonedwa ngati mlandu wa mudzi wonse, ndiye mudzi wonse unkakhala pansi kudzifunsa. Ngakhale nthawi ya atsamunda, pamene ankakakamiza anthu kulima mitumbira m'chigwa, anthu a kwa Mbona anali m'gulu la okana. Wansembe wina wa Chikatolika, Matthew Schoffeleers, anakhala kwathu zaka zambiri akufufuza zimenezi, n'kulemba mabuku.

Abanda (Mitundu): Kunonso pakati zinalipo. Ku Msinja kufupi ndi Dzalanyama kunali Makewana, mayi wa anthu onse, amene ankasunga kachisi wa Chisumphi. Sankameta tsitsi mwachisawawa, akuti kutero n'kumeta mvula. Phiri la Bunda nalonso linali la nsembe za mvula. Lero mukapita pa Bunda mupeza anthu a mipingo akusala kudya pamwamba pomwepo, nthawi ya ng'amba akupempha mvula yomweyo. Phiri silinasinthe, asintha ndi nyimbo.

Mayi a Mvano: Abanda, musatiphatikize ndi za mizimu. Ife timapemphera kwa Mulungu wamoyo. Komatu dzina loti Chauta timaligwiritsa ntchito m'tchalitchi, ndipo akuti likuchokera ku uta wa Leza, utawaleza uja. Mphambe ndi dzina linanso, la mabingu ndi mphenzi. Makolo athu Mulungu ankamudziwira kumitambo. Zimenezo sindingakane.

Koma ndili ndi mbali ina imene mukuizemba nonse amene mukuyamikira miyamboyi. Kumudzi kwa amuna anga chaka cha ng'amba ya El Niño chija, 2024, mvula itadula mu Januwale, anyamata anapita kukagwetsa uvuni wa njerwa wa bambo wina, akuti akumanga mvula kuti njerwa zake ziume. Atachoka apo anapita kwa gogo wina wamasiye, wa maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, kuti ndiye wabisa mvula mumphika. Tinachita kukamubisa kunyumba ya abusa masiku atatu. Mwaiwala za ku Neno mu Januwale 2016? Mtsikana anaombedwa ndi mphenzi, anthu anapha nkhalamba zinayi za banja lomwelo. Zinayi! Ndiye pamene Anaphiri akuganiza zochonga Napolo, akumbukire kuti mwana amene waphunzira kuti mvula ili ndi mwini wake, mawa adzafuna kudziwa mwiniwakeyo ndani m'mudzimo.

Angozo (Joni): Zikomo Mayi. Ndi zimene ndimafuna kunena, kungoti ine pakamwa panga n'poyipa.

Achisale: Apa ndiye pagona nkhani, ndipo sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Ine ndimasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali chikhulupiriro chimene chimakuuza kumene uthawire, ndiye pali china chimene chimakuuza amene umumenye. Napolo saloza munthu. Palibe gogo amene anaphedwapo chifukwa cha Napolo. Koma zomanga mvula ndi zotumiza mphenzi ndi zakupha, ndipo lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mphenzi ndi magetsi amene amasonkhana mumtambo pamene timadzi toundana tikukhulana m'mwamba. Imafuna chinthu chachitali chimene chili pafupi, mtengo, munthu woima pabwalo, ng'ombe padambo. Anthu athu ambiri amafa chifukwa mvula ikayamba amathawira pansi pa mtengo wa mango. Mukaona kung'anima muziwerenga, masekondi atatu aliwonse bingu lisanamveke ndi kilomita imodzi. Zimenezi mwana wa Sitandade 5 akhoza kuzimva, ndipo zikhoza kupulumutsa agogo ake kawiri, ku mphenzi ndi ku anyamata a m'mudzi.

Za ng'amba ya 2024 ija, gwero lake linali kutali zedi, ku nyanja ya Pacific. Madzi a kufupi ndi Peru akatentha kuposa nthawi zonse, mphepo za dziko lonse zimasokonekera, kummwera kwa Africa mvula imachepa. Mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zambia ndi Zimbabwe analengezanso. Ndiye gogo mmodzi wa kumudzi kwa amuna anu, ndi mphika wake umodzi, akanatseka mvula mayiko atatu? Chodabwitsa china, nthawi yomweyo ku Dwangwa ku Nkhotakota madzi anasefukira, chifukwa El Niño nthawi zambiri amaumitsa kummwera kwa dziko lino koma chakumpoto mvula n'kumagwa yambiri.

Alangizi (Dedza): Achisale, muwauzenso dzina la El Niño kumene linachokera, anthu amaganiza kuti ndi mawu a mu labu.

Achisale: Eya. Anatchula ndi asodzi a ku Peru. Ankaona kuti zaka zina chakumapeto kwa Disembala madzi amafunda, nsomba n'kuthawa. Poti inali nthawi ya Khirisimasi, anati El Niño, kutanthauza mwana wamwamuna, Yesu wakhanda. Asayansi anabwera pambuyo, anapeza dzina lili kale, n'kulitenga. Asodzi aja akanalemba mayeso a Anaphiri bwenzi atathethedwa kkkk. Ifenso tili nalo lathu. Chiperoni, kamvula kozizira ka mu Juni ndi Julayi kamene kamasunga tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, dzina lake likuchokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kumene anthu ankaona mitamboyo ikuchokera. A zanyengo amalemba Chiperoni ngakhale m'malipoti a Chingerezi. Mwera chimodzimodzi.

Msodzi wa ku Salima: Mwatchula mwera ndiye mwandiitana. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7, koma mphepo za panyanja ndimazidziwa ngati ana anga. Mwera umachokera kummwera, nthawi yozizira, ukhoza kuwomba masiku atatu anayi osapuma. Mpoto umabwera nthawi ya mvula. Vuma amachokera kuvuma mmamawa nthawi yotentha. Bambo anga ankadzuka usiku kukaima pamchenga, akamva mafunde mmene akumenyera ankadziwa kuti lero bwato silitsika. Mwera sucheza, unamiza sitima ya Vipya mu 1946, anthu 145 anathera m'madzi chakumpoto uko. Komanso mwera womwewo ndi umene umatipatsa usipa, umatakasa madzi a pansi n'kukweza chakudya cha nsomba.

Tsono za miyambo. Pa chilumba cha Mbenji kuno, kwa Mfumu Makanjira, amatseka usodzi mu Disembala kudzatsegula mu Epulo. Pachilumbapo mowa ayi, juga ayi, chamba ayi, akazi safikapo. Akuluakulu amati ukaphwanya mizimu imakwiya, mphenzi imakantha. Ukaganiza bwino, miyezi imeneyo ndi ya ziphaliwali, ndipo pachilumba cha miyala pakati pa nyanja palibe pobisala. Ndi miyezi yomweyonso nsomba zimaswana. Zotsatira zake, utaka wa ku Mbenji ndi waukulu kuposa wa madoko ena, a zausodzi amabwera kudzaphunzira kwa ife. Koma ndinene chilungamo, masiku ano uthenga wa a zanyengo ukabwera pa foni kuti mwera uwomba mawa, ndimaumvera kuposa mafunde. Umandiuza dzulo lake, pamene mafunde amandiuza mwera utafika kale pakhomo.

Mayi a Mvano: Nanga akazi analakwa chiyani ku Mbenjiko?

Msodzi wa ku Salima: Mayi, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, mungandithamangitse pagulu.

Abanda (Mitundu): Ine funso langa lipite kwa Achisale ndi Alangizi. Ndalima zaka zoposa 30. Kale tinkadziwa ndondomeko. Okutobala kutentha, mitengo ya mombo kuphukira masamba ofiira, nang'omba kulira mmamawa, kenako chizimalupsa kudzazimitsa malupsa. Imeneyo sudzalira, umangokonzeka. Ikabwera yachiwiri yonyowetsa nthaka mpaka chikhatho chonse, inswa n'kutuluka, ndiye umadzala. Lero mombo ukuphukira nthawi yake yomweyo koma mvula ikufika mochedwa, ikagwa sabata imodzi n'kudula masabata atatu, mbewu ya ndalama zambiri n'kupserera. Zizindikiro zanama kapena mvula ndiyo yasintha? Chinanso, a zanyengo akamalengeza pa wailesi amati mvula ikhala yapakatikati mwina kuposerapo. Mawu amenewo ine ndidzale nawo liti? Ndi ulosi kapena kuzemba mlandu?

Alangizi (Dedza): Bambo Banda, funso lanu ndi limene ndimakumana nalo tsiku ndi tsiku. Ulosi wa nyengo yonse suuza munthu tsiku. Akatswiri a mayiko a SADC amakumana chakumapeto kwa Ogasiti, kenako nthambi yathu yoona zanyengo imaukonza kuti ugwirizane ndi dziko lino, masiku ano mpaka boma lililonse limakhala ndi wake. Koma umanena za mwayi, ngati mmene mungaonere ng'ombe yaikazi n'kunena kuti iyi ikhoza kubereka bwino. Vuto ndi lakuti mvula ya nyengo yonse ikhoza kukwana muyeso wake, koma theka lake n'kugwa m'masiku asanu, Febuluwale yense n'kuuma chimanga chikumasula. Pa pepala chaka chili bwino, m'nkhokwe mulibe kanthu. Chimene ndimawauza alimi anga n'chakuti ulosi wa nyengo yonse uwathandize kusankha mbewu, yocha msanga kapena yochedwa, ndi kuganiza zoika chinangwa, mbatata, mapira, nandolo pambali. Tsiku lodzala atsate ulosi wa masiku ochepa umene umatuluka pafupipafupi, aphatikize ndi chikhatho chawo chomwe mwanenacho. Tikati mvula yodzalira timanena ya mamilimita pafupifupi 25 kapena kuposerapo m'masiku awiri atatu, ndipo agogo anu poyeza ndi dzanja ankafuna chinyezi chomwecho.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Chaka china ndinapita pa msonkhano wa mudzi ndi mapepala a ulosi, ndinalankhula ola lathunthu, anthu ali duu. Nditamaliza mkulu wina anati, mango abereka kwambiri chaka chino, kuli njala. Anthu onse anagwedeza mitu. Pepala langa linkanenanso za mvula yochepa, koma anamvera mango. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi kufunsa kuti akuluakulu mwaona zotani, tikalemba pa bolodi, kenako ndimati nawonso a makina aona izi. Zikagwirizana, uthenga umalowa ngati madzi pamchenga. Zikasiyana timakangana, koma tikukangana anthu akumva.

Achisale: Pa za mombo, malume, mtengowo sunama, kungoti sulosera. Zithunzi za setilaiti zimaonetsa kuti nkhalango za mombo zimaphukira masabata angapo mvula isanagwe, chaka chabwino ndi choyipa chomwe. Ndi kalendala, imakuuzani kuti nyengo yayandikira. Kale kalendalayo ndi mvula zinkayendera limodzi. Achule, nyerere zosamutsa mazira, bwalo lozungulira mwezi, zimenezo zimamva chinyezi chimene chafika kale mumlengalenga, ndiye zimathandiza pa za mawa kapena mkuja, osati za Febuluwale. Mvula yathu yambiri imabwera pamene mphepo zochokera kumpoto chakummawa ndi kummwera chakummawa zakumana pamwamba pathu, kuphatikizapo mpweya wonyowa wochokera ku Congo. Mzere wokumanirawo ukachedwa kutsika kapena ukakhazikika kwina, nyerere za ku Mitundu sizingadziwe.

Chimene chasintha ndi kutentha. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chochuluka ndi 7 peresenti. Ndiye umayamwa nthaka msanga nthawi ya ng'amba, ndipo ikati igwe imakhuthuka. Namondwe amafuna nyanja yofunda madigiri 26 kapena 27 kuti akhale ndi mphamvu. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, analowa Mozambique, anabwereranso m'nyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Marichi. Anakhala masiku 36, palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chotero. Werengani nokha: madzi osefukira a 2015, anamondwe Idai 2019, Ana ndi Gombe 2022, Freddy 2023, Chido kumapeto kwa 2024. Agogo a ku Phalombe aja anadikira zaka 32 kuti Napolo abwerenso. Sindikhulupirira kuti mdzukulu wawo adzadikira zaka zochuluka choncho.

Angozo (Joni): Ndipo utsi wake si wathu. Kuno ndimadutsa ku Mpumalanga, malo opangira magetsi a malasha ali ndandanda, utsi usiku ndi usana. Kumudzi kwathu mayi anga alibe ngakhale babu. Koma akagumuka ndi Soche.

Wa ku Chigwa: Pa Freddy chenjezo linaperekedwa, tisaname. Wailesi inanena, sukulu zinatsekedwa m'maboma akummwera. Koma mawu oti namondwe anthu a m'mapiri ankawamva ngati mphepo yosasula madenga, kapena madzi a ku Nsanje. Palibe amene ankaganiza kuti phiri lingatsike. Mlamu wanga wa ku Chiradzulu anandiuza kuti akanangonena kuti kukubwera Napolo, anthu akanagona kusukulu usiku umenewo. Liwu limodzi lokha.

Ndipo poti tikukamba za chikhalidwe, anthu a m'tauni mumatinena kuti a ku Makhanga ndi kwa Nyachikadza ndi osamva, bwanji sasamuka. Madzi akaphwa amasiya nthaka yonona, munthu amakolola chimanga, mbatata ndi nyemba kudimba popanda feteleza, pamene kumtunda kumene akumuuza kuti apite kuli miyala ndi minda ya eni ake. Manda a makolo ake ali komweko. Mfumu ikasamuka imakakhala mlendo pa dziko la mfumu inzake, ufumu wathera pomwepo. Munthu wa sayansi amabwera ndi mapu ofiira, akunena zoona, koma mafunso atatu amenewa alibe nawo yankho.

Mayi a Mvano: Komatu zoti a zanyengo azilengeza kuti kukubwera Napolo ine ndikukayika. Mawa adzalengeza, phiri osagumuka, anthu adzati boma layamba zamizimu ndiponso likunama.

Achisale: Nkhawa imeneyo ndi yoona, Mayi. Chenjezo likaphonya kawiri katatu anthu amagona. Ine sindikuti alembe kuti njoka ikubwera. Akhoza kunena kuti mvula iyi ndi yotha kugumula mapiri, zija timati Napolo, amene muli m'munsi mwa phiri ndi m'mbali mwa makhwawa chokani lero kusanade. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku liwuli latanthauza kale chigumukire cha phiri, ngakhale kwa munthu amene sakhulupirira za njoka. Chimene chimandiwawa ine n'china. Namondwe Ana atadutsa mu 2022, asayansi akunja anafuna kuyeza kuti kusintha kwa nyengo kunaonjezera mvula yochuluka bwanji, koma anadandaula kuti malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wa zaka zambiri wosadukiza ndi osowa m'dera lathu lino. Pamene makina alibe mbiri, mbiri ili m'mitu ya anthu ngati agogo aja. Akudziwa khwawa liti linadzaza mu 1991, mwala uti unachokera pati. Akamwalira osafunsidwa, zapita.

Abanda (Mitundu): Mawu a akulu akoma akagonera. Koma Anaphiri mwangoti zii, ife tikukangana pa pepala lanu.

Angozo (Joni): Ine ndikadali pomwe ndinaima. Pa mayeso thethani. Kunja kwa mayeso chitani zimene mukufuna.

Anaphiri (Phalombe): Ndimawerenga zonse, netiweki kuno imachita kusakidwa pa chulu. Malikisi sindisintha, Angozo asangalale, chifukwa funso linafuna chochititsa ndipo mwanayo ayenera kudziwa za dothi, thanthwe ndi kulemera kwa madzi. Za Mayi a Mvano zandilowa kwambiri, phunziro la mphenzi ndiliika sabata ya mawa ngakhale silili pa ndondomeko ya teremu ino. Koma ndalankhula ndi ahedi, agogo aja tiwaitana Lachisanu. Tikwera nawo ndi kalasi yonse mpaka pamene angathe kufika, atilozere pamene madzi anadutsa mu 1991 ndi pamene anadutsa mu 2023, ana ajambule mapu. Mtsikana uja ndi amene adzalembe zizindikiro pa bolodi, madzi kuchepa, ng'oma, kuthawira chammbali, ndipo pambali pa chilichonse tidzalemba chifukwa chake monga afotokozera Achisale. Achisale, kodi choyezera mvula tingapange ndi botolo la pulasitiki? Ndikufuna chikhale pasukulu mvula isanayambe.

Achisale: Zitheka, achemwali. Pezani botolo la malita awiri losapindika m'mbali, dulani kumutu, mutu wakewo muuzondotse ukhale ngati fanulo. Pansi thirani timiyala ndi madzi mpaka pamene botolo layamba kuwongoka, pamenepo ndiye pa 0, mumatepo rula. Muliike pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo, pamwamba pa chipika kuti mbuzi zisagwetse. Aziwerenga 8 koloko mmawa tsiku lililonse, n'kukhuthula kubwezera pa 0, ngakhale Loweruka ndi Lamulungu. Musankhe mwana wokhala pafupi ndi sukulu.

Msodzi wa ku Salima: Ndipo agogowo muwakonzere kanthu, asakwere phiri ndi njala. Ndikanakhala pafupi ndikanatumiza utaka.

Anaphiri (Phalombe): Nkhuku ilipo kale, Che Msodzi. Vuto ndi nsapato, akuti sakwera phiri atavala nsapato, ndipo ana onse adzavule.